Makina Amene Ankandimva Ndikakuwa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi anga, ndipo anaipeza ali m'tchalitchi. Lamulungu lina ku Domasi Mishoni, pa nthawi ya zolengeza, mlembi wa mpingo anawerenga kalata yoti kabungwe kena kothandiza ana olumala katsegula ofesi pa Songani ndipo kakufuna kalaliki wodziwa Chingelezi. Chimene chinawadzidzimutsa mayi ndi mzere womaliza, woti ngakhale olumala manja alembere. Ine tsikulo kutchalitchi sindinapiteko. Ndinali nditatopa ndi kupemphereredwa.

Manja anga anapsa ndili ndi zaka zinayi, nditagwera pa mulu wa mankhusu a mpunga umene unkanyeka pansipansi kuseri kwa nyumba. Zala zinamatana n'kupindikira mkati. Cholembera ndimachigwira ndi manja onse awiri ngati munsi, ndipo ndi mmene ndinalembera mayeso a Fomu 4 mpaka kukhoza. Koma satifiketi siigwira khasu, komanso siitayipa kalata. Ndinakhala pakhomo zaka zitatu, ntchito yanga ili yoingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Apa n'kuti zaka za m'ma 1990 zili kumapeto.

Mkulu wa ofesiyo anali a Chikopa, bambo wamfupi wosachedwa kutuluka thukuta. Tsiku la mafunso anayang'ana manja anga kamodzi, kenako nthawi yonseyo ankalankhula akuyang'ana pakhoma.

"Chemwali Enelesi, ine sindikunamizani," anatero. "Maganizo olemba munthu ngati inu si anga, ndi a anthu amene anatipatsa makinawa. Ndikupatsani miyezi itatu. Zikakanika ndiitana taipisiti wa zala zake, ndipo pasadzakhale kudandaula."

Ndinavomera. Wopempha sasankha ndiwo.

Ofesi yake inali chipinda chimodzi pa nyumba yaitali ya a Makwinja, eni chigayo. Mbali ina kunali chigayocho, ndipo kuseri kwa khoma lakumbuyo kunali pabalaza pawo. Siling'i munalibe. Makoma ankalekeza m'munsi mwa malata, moti mayi Makwinja akamakazinga anyezi ife tinkadziwa, nawonso a Chikopa akakhosomola iwo ankamva.

Pa tebulo panali kompyuta yotuwa, pulinta ya riboni yolira ngati ikung'amba nsalu, bokosi la madisiketi, ndi hedifoni yokhala ndi kamtengo ka maikolofoni. Mkati mwa kompyutamo munali pulogalamu yomvera mawu a munthu. Anaibweretsa ndi mzungu wina wamkazi amene anangokhala nafe masabata awiri. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa kuti maikolofoni aziima pambali pa mlomo, osati kutsogolo, potalikira ngati kunenepa kwa chala chachikulu, kuti mpweya usamawombemo. Pakona ya sikirini panali kamzere. Kakakhala kachikasu ndiye kuti mawu achepa, kakabiriwira ndiye kuti makina akumva.

Makinawo sankamvera munthu aliyense. Ankayenera kuphunzira kaye mawu a mwini wake. Unkawawerengera ndime za Chingelezi zobwera pa sikirini pafupifupi ola lathunthu, iwo n'kusunga kalankhulidwe kako m'fayilo yakeyake. Mzungu uja ananena kuti zimenezi zimafunika pamalo achete. Koma chigayo cha a Makwinja chinkayamba kulira ife tisanatsegule ofesi n'kudzazima titaweruka, ndipo a Chikopa anati nthawi yodikira bata palibe. Choncho ndinawerenga ndime zonsezo chigayo chikubangula, ndikukuwa mpaka kamzere kaja kabiriwire. Madzulo alionse potseka, makina ankafunsa ngati asunge zimene aphunzira pa mawu anga tsikulo, ine n'kumavomera. Moti tsiku lililonse ankanka nazolowera kukuwa kwanga.

Mzunguyo atapita, a Chikopa analamula chinthu chimodzi. "Musakhudze chilichonse mkatimo chimene anakonza mayi aja. Chikasokonekera, kuno kulibe wotikonzera." Ndinawopa, ndipo sindinakhudzedi.

Malamulo onse anali a m'Chingelezi, afupiafupi, olembedwa pa pepala limene tinamata pakhoma. Pa sikirini ntchito iliyonse inali ndi zenera lake, ndipo ine ndinkayenda m'mazeneramo ndi pakamwa. Tsegula kaundula. Pita ku zenera lotsatira. Chepetsa zenera ili. Kulitsa. Sankha mzere. Kopera. Mata. Sunga. Tseka zenera. Ukati chonde kapena pepani, makina ankangokhala duu, chifukwa zaulemu sizinali pa pepala lija. Mayina a kwathu kuno sankawadziwa n'komwe, ndiye dzina la mwana aliyense ndi mudzi wake ndinkatchula chilembo chimodzichimodzi. Mbewa ya kompyuta sindinkatha kuigwira. Kiyibodi ndinkatha kuigogoda ndi mfundo ya chala, koma kawirikawiri mabatani awiri ankalowa pamodzi.

Anthu amaganiza kuti ntchito yolankhula ndi yofewa. Ndinkachoka kwathu kukucha, kuyenda wapansi kupitirira ola, kenako kukuwa mpaka madzulo. Pobwerera mmero unkakhala utauma gwaa, ndipo kunyumba ndinkangoyankha ndi mutu. Mayi ankandiphikira madzi a mandimu ndi jinja, ine n'kugona. Azimayi obwera kudzagayitsa ankasuzumira pazenera, madengu ali pamutu, kudzaona mtsikana wokalipira wailesi ya kanema. Ena ankanena poyera kuti moto uja unafika ndi kumutu komwe. A Chikopa nawo ankayang'ana wotchi nthawi iliyonse akandipatsa kalata. Sindinkadandaula kwa aliyense, poti walira mvula walira matope. Koma kutopa kwake ndimakumvabe m'khosi ndikakumbuka.

Sabata yomaliza ya mwezi wachitatu kunabwera ntchito imene tonse tinkadziwa kuti ndiyo mayeso anga. Ku Blantyre kunali malo opangira njinga za olumala ndi ndodo zoyendera, ndipo ankafuna fomu ya mwana aliyense yokhala ndi miyeso yake. Ana athu analipo makumi awiri ndi anayi. Fomu imodzi inkafuna mazenera atatu: kaundula wa mayina ndi midzi, tebulo la miyeso ya miyendo ndi chiuno, ndiponso fomuyo. Unkatenga dzina uku, kukamata uko, kubwerera, kutenga miyeso, kukamatanso, kusunga, kenako kusindikiza. Zikamayenda bwino, fomu imodzi inkatha m'mphindi khumi.

Lachitatu a Chikopa ananyamuka kupita ku msonkhano ku Blantyre komweko. Ali pakhomo anatembenuka.

"Lachisanu thuu koloko galimoto ya bungwe idutsa pano kuchokera ku Liwonde. Dalaivala uja sadikira munthu. Mafomu akandipeze kumeneko ali mu envelopu. Akapanda kubwera, ine ndi inu tikhala kuti tamvana."

Lachinayi magetsi anabwera mochedwa, ndiye ndinangomaliza mafomu asanu ndi anayi. Anatsala khumi ndi asanu. Ndinawerengera kuti ndikayamba m'mamawa, pofika masana ndikhala nditapuma.

Lachisanu ndikuyandikira pa Songani ndinaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, ndipo anthu apanjinga ankatsika n'kumakankha. Chigayo chinali zii. A Makwinja anali atamwalira dzulo lake kuchipatala ku Zomba, ndipo thupi linali litafika kale pakhomo. Analigoneka pabalaza, kuseri kwenikweni kwa khoma la tebulo langa. Kuika kunali tsiku lomwelo masana.

Ndinamanga bwino chitenje n'kukagwada pamene panali azimayi. Maliro n'kulirana, ndipo a Makwinja anali munthu amene ankandipatsa moni wa ulemu pamene ena ankangondiyang'ana manja. Ndinakhala pamphasapo mwina theka la ola, koma mtima uli pa envelopu. Maganizo ouza munthu wina wapabanjapo anandibwerera ndithu. Ndinawakana ndekha. Ndinaona ngati kupempha kuti ndikagwire ntchito mwini nyumba ali chigonere n'chipongwe chachikulu kuposa kungozemba. Ndinadzuka ngati ndikupita kuseri, n'kukalowa muofesi, chitseko n'kutseka pang'onopang'ono.

Ndinavala hedifoni n'kunong'ona kuti kaundula atseguke. Kamzere kaja sikanagwedezeke. Ndinakweza pang'ono, mawu amene munthu amalankhulira ndi mnzake pamphasa. Kamzere kanachita chikasu, makina n'kuganiza nthawi yaitali, kenako osachita kanthu. Pa malamulo asanu ankamvera limodzi, mwinanso n'kuchita zake. Mazenera anayamba kuunjikana pa sikirini, lina pamwamba pa linzake, fomu yanga itakwiririka pansi. Ndinasendeza maikolofoni pafupi ndi mlomo, koma mpweya unkawombamo, zinthu n'kuipiraipira. Makinawo ankadziwa Enelesi mmodzi yekha, wokuwa pakati pa phokoso la chigayo. Wonong'onayu anali mlendo kwa iwo.

Ndinavula hedifoni n'kuyesa ndi mfundo za zala. Kuti ndisunthe mbewa ndinkaipana ndi manja onse awiri, koma ndikati ndidine, kamuvi kankathawa. Fomu imodzi inandidyera mphindi makumi anayi, ndipo nditaiwerenga ndinapeza kuti miyeso ya mwendo ndaimata pa chiuno. Kuseri kwa khoma azimayi ankaimba nyimbo za maliro motsitsa. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma: hafu pasiti teni, mafomu otsala khumi ndi anayi.

Ndinatseka zenera la ofesi, ndinatsekera mpata wa pansi pa chitseko ndi thumba, kenako ndinadzifunditsa chitenje kumutu pamodzi ndi sikirini ngati munthu wofukiza mankhwala a chimfine. Ndinadzinamiza kuti nsalu igwira mawu. Mumtima ndinkadziwa kuti chitenje sichingatseke mpata wa pakati pa khoma ndi malata. Koma ndinaona taipisiti wa zala zake atakhala pampando wanga, ndinaonanso munda wa mpunga ukundidikira, ndipo mantha anaposa manyazi. Ndinakoka mpweya n'kukuwa monga mwa masiku onse.

Kamzere kanabiriwira nthawi yomweyo. Mazenera osafunika anatsekeka limodzi ndi limodzi, fomu inabwera pamwamba, dzina linamatika pamalo pake. Ndisaname, ndinasangalala. Munthu amene wakanidwa m'mawa wonse akayamba kumveredwa amaiwala kumene ali. Ndinamaliza fomu imodzi, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Hedifoni inali itatseka makutu onse awiri, choncho sindinamve kuti nyimbo zasiya. Sindinadziwe kuti mwambo wayamba, ndiponso kuti mkulu wa mpingo waimirira pakhonde akuwerenga mbiri ya malemu, anthu onse ali chete.

Chimene ndinamva ndi chitenje chikuchotsedwa kumutu kwanga. Anali mayi Edina, achemwali awo aakulu a malemu, mayi wamtali wa duku loyera amene m'mawa uja ankalongosola zonse pakati pa azimayi. Chitseko ndinali nditangotseka osakiya. Sanakweze mawu. Bwenzi zili bwino akanakweza.

"Iwe mwana, ukukalipira ndani muno?"

Ndinatsika pampando n'kugwada, chingwe cha hedifoni chikundikoka khosi. "Sindikukalipira munthu, mayi. Ndi makinawa."

"Achimwene anga agona kuseri kwa khomali. Panjapo anthu asiya kumvera mbiri yawo, akumvera iwe. Owerenga aima kawiri. Alamu anga akufunsa kuti tinakulakwira chiyani."

Ndinafotokoza zonse: za mafomu a ana, za galimoto ya thuu koloko, za miyezi itatu ya a Chikopa, za makina osamva kunong'ona. Ndinawaonetsa manja, chinthu chimene sindinkachita kwa munthu. Anawayang'ana osathawitsa maso, kenako anayang'ana sikirini.

"Ndiye pakamwa pokuwira uli napo, koma podzatiuza ife unalibe? M'mawa uja unagwada pambali panga penipeni. Pamaliro chilichonse chimanenedwa. Wofuna kukamwetsa ng'ombe amanena, wofuna kukayamwitsa amanena. Iwe unaona ngati ndife nyama zoti sitingamve?"

Misozi inkangotsika, ndipo sindinkadziwa ngati ndikulira maliro kapena ntchito.

"Atsala angati mapepala akowo?"

"Khumi, mayi."

"Tamvera. Akamalankhula abusa kapena wina aliyense, tseka pakamwa. Tikayamba nyimbo, chita zakozo. Nyimbo ikamatha ndigogoda khomali kawiri. Ndipo chotsa khutu limodzi m'chinthu chakocho, uzimva za anthu."

Anatuluka osadikira zikomo wanga.

Ndinakhala duu mpaka mbiri inatha. Kenako mawu a mayi Edina anayambitsa nyimbo kuseri kwa khoma, azimayi onse n'kulandira, amuna panja n'kuthira besi. Sinali nyimbo yotsitsa ngati za m'mawa zija. Inadzaza malata onse. Ndinayamba kulamula, ndipo makina ankamva bwino kuposa poyamba, chifukwa phokoso lakumbuyo ndilo anazolowera. Ndime zikatha, mayi aja ankabwereza kuyambira pachiyambi. Khoma likalira kawiri ndinkaima pomwepo, ngakhale pakati pa lamulo, zenera lili chitsegukire. Ulaliki wonse ndinaumvera ndili pampando, maso ali pa wotchi, mmero ukuwotcha. Zolengeza za mfumu ndi za achibale zinatenga nthawi yaitali moti ndinataya mtima kawiri konse. Nyimbo ikayambanso, nanenso ndinkayamba.

Fomu yomaliza ndinaisunga pamene ankatulutsa bokosi m'nyumba. Pulinta ndinailiza pa nyimbo yonyamulira maliro, mapepala makumi awiri ndi anayi, ine ndikuwalandira ndi zigongono. Anthu ankatsikira kumanda, ine ndinatulukira kumsewu nditapanira envelopu pachifuwa. Ochedwa amene ankathamangira mzere wa maliro ankandiyang'ana n'kuyang'anizana. Galimoto inafika thuu koloko itapitirira pang'ono. Dalaivala analandira envelopu pazenera injini isanazime n'komwe. Kumanda sindinapiteko. Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu.

Lolemba a Chikopa anafika ali ndi nkhope ziwiri. "Mafomu anafika, ndipo onse anali bwino. Ntchito ndi yanu," anatero. Anapukuta thukuta. "Koma za maliro ndazimvera m'minibasi ndisanatsike n'komwe. Mukapepese, chemwali. Tikukhala m'nyumba ya eni."

Mayi anga anali atazimva kale Lamulungu kutchalitchi. Patatha sabata tinapita limodzi kwa mayi Makwinja, mayi atanyamula nkhuku m'manja. Tinawapeza pakhonde atavala zakuda, mayi Edina ali pambali pawo. Mayi anga ndiwo analankhula, monga mwa mwambo. Ananena kuti mwana walakwa, mwana ndi wa tonse, safunsa anadya phula. Ine ndinali chigwadire, maso pansi.

Mayi Makwinja analandira nkhukuyo n'kupatsira mayi Edina. Analankhula mofatsa, opanda mkwiyo uliwonse.

"Nkhani yatha, mwanawe. Ndamva kuti unkapulumutsa ntchito, ndipo ntchito ndi yovuta kupeza. Koma ndikuuze chimodzi kuti udziwe. Bambo aja ndinakhala nawo zaka makumi atatu. Tsiku lija ndinkafuna kumva anthu akunena za moyo wawo, kamodzi kokha. Panopa ndikati ndikumbukire zimene anawerenga, palibe ndi liwu limodzi lomwe limene likubwera. Ndikungomva iwe."

Ndikanakonda akanandimenya.

Loweruka lotsatira ndinachita chimene ndinkaopa miyezi itatu yonse: ndinafunsa. Ndinapempha a Chikopa kiyi ndi chilolezo choti ndiwaphunzitse makina mawu anga kachiwiri. Anangoti bola ndisafufute zakale. Buku la malangizo linali m'kabati nthawi yonseyi, ndipo njira yake inali pa tsamba limodzi: kutsegula fayilo ya munthu watsopano, kuyesa maikolofoni, kuwerenga ndime. Poti Loweruka chigayo chinkatseka masana, ndinadikira chitseke, n'kuwerenga ndi mawu apansi, amene ndimalankhulira ndi mayi anga. Zonse zinatenga ola limodzi. Kuyambira pamenepo ndinali ndi mafayilo awiri, ya paphokoso ndi ya pabata, ndipo ndinkasankha malinga ndi tsiku.

Pa ofesi ija ndinakhalapo zaka zisanu, ndipo ndaphunzitsapo anthu angapo kuyendetsa kompyuta ndi mawu. Ndisanawaonetse lamulo lililonse ndimawauza kuti ayambe adziwa amene ali kuseri kwa khoma, ndipo ngati pali chovuta akanene, ngakhale kunenako kukuchititsa manyazi. Ine ola limodzi lija ndikanalipeza mwezi woyamba, ndipo mawu awiri kwa mayi Edina ndikanawanena m'mawa uja ndili pamphasa. Ntchito ndinaipulumutsa, ana analandira njinga zawo. Koma mbiri ya a Makwinja inawerengedwa tsiku limodzi lokha, ndipo munthu saikidwa m'manda kawiri.